Kupuma kuli pawiri

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka 38, thupi langa linayamba kundichita zachilendo. Ndinkakagona cha m'ma 11 koloko usiku nditatopa kotheratu, koma 3 koloko ikangokwana maso ankangoti gwa, ngati wina wandigwedeza paphewa. M'nyumba monse muli zii, koma mtima uli gu gu gu ngati wa munthu amene wathawa galu. Ndinkatembenuza pilo kufuna mbali yozizira, n'kuyamba kuwerengera maola otsala kuti kuche, kenako dzanja linkapita lokha pa foni. Kuwala kwa sikirini kukangondimenya m'maso, basi, za tulo zathera pomwepo. Kukacha ndinkadzuka ngati ndagona katundu ali pamutu. Masana pa kompyuta ndinkawerenga mzere umodzi katatu osatolapo kanthu.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti panalibe pamene pankawawa poti ndingaloze ndi chala. Usiku ndinali maso, masana ndinkasinza, ndipo panalibe ola limene ndinali maso kwenikweni kapena mtulo kwenikweni. Ndinali ngati tochi imene mabatire ake akutha: siinazime, koma sungaone nayo njira.

Munthu wotopa sachedwa kupusitsika. Ndinayamba kusakasaka pa intaneti, ndipo kumeneko ogulitsa mphamvu ndi osayamba. Ena akuti vala chibangili cha maginito, ena akuti imwa tiyi wochotsa poizoni m'thupi, ena akuti ika timiyala pachifuwa kuti mphamvu zako zilingane. Ndisaname, botolo limodzi la mapiritsi ndinagula. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ntchito yosefa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo ziwalo zimenezi sizidikira tiyi wa munthu kuti ziyambe ntchito. Koma kudziwa n'kwina, kutopa n'kwinanso.

Achemwali anga, amene sanyengerera polankhula, ndi amene analipeza botololo patebulo. Analitembenuza, kuwerenga kumbuyo kwake, n'kulibwezera pamalo pake.

"Iwe, magazi unakayezetsa?"

"Ayi achemwali, sindikudwalatu. N'kutopa chabe."

"Ndiye ukuchiza chiyani?"

Ndinasowa choyankha, ndipo sabata yomweyo ndinapita kuchipatala. Apa ndikufuna nditsindike, chifukwa nkhani zambiri za mphamvu za m'thupi zimalumpha pamenepa. Kutopa kosatha nthawi zina kumakhala ndi dzina, ndipo dzinalo limapezeka m'kabotolo ka magazi. Kuchepa kwa magazi kumatopetsa. Chithokomiro chikamagwira ntchito mwaulesi chimatopetsa. Matenda a shuga amatopetsa, chimodzimodzinso matenda ovutika maganizo. Palibe kupuma mozama kumene kungabwezeretse ayironi amene mulibe m'thupi. Kwa ine, shuga ndi chithokomiro zinali bwino, koma hemoglobin, chinthu cha m'magazi chonyamula mpweya wabwino, inali pansi pa 12, mlingo umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mayi wosayembekezera akatsika pamenepo ndiye kuti magazi achepa. Anandipatsa mapiritsi a ayironi n'kundichenjeza kuti ndisamamwere khofi kapena tiyi, chifukwa zakumwa zimenezi zimalepheretsa thupi kuyamwa ayironi bwino. Patatha miyezi itatu, wefuwefu wa pamasitepe anatha. Koma 3 koloko ija inkabwerabe, osaphonya.

Nditapitanso kukaonetsa zotsatira, adokotala, mayi wachikulire wa magalasi olendewera pachingwe, anandiyang'ana kwa kanthawi asanatsegule n'komwe faelo.

"Mayi, mumapuma liti?"

Ndinayamba kufotokoza za tchuthi chimene ndinkafuna kudzatenga kumapeto kwa chaka.

"Ayi, sindikunena za tchuthi. Chilowereni muno sindinakuoneni mukutulutsa mpweya. Taonani mapewa anuwo, afika m'makutu."

Ndinaseka mwamanyazi, ndipo posekapo m'pamene ndinazindikira kuti ndinalidi nditaugwira mpweya, nsagwada zitalumana. Pobwerera ndinkangoganizira mawu amodzi amenewa. Timati munthu akupuma tikamanena za mpweya wolowa ndi kutuluka, timatinso akupuma akatula katundu n'kukhala pansi. Makolo amene anagwiritsa mawu amodzi pa zinthu ziwirizi anaona chinachake chimene ine, ndi kuwerenga kwanga konse, ndinali ndisanachione pa thupi langa lomwe.

Maganizo akuti thanzi ndi kulingana kwa zinthu m'thupi ndi akale kwambiri, ndipo anabadwa m'malo ambiri. Agiriki a m'nthawi ya sing'anga wotchuka Hippocrates, zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe, ankati m'thupi muli madzi a mitundu inayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, ndipo munthu amadwala mtundu umodzi ukachuluka kuposa inzake. Ku China asing'anga ankanena za qi, mphamvu yoyenda m'thupi, ndiponso za yin ndi yang, mbali ziwiri zotsutsana zimene zimafunika kuyenderana. Ku India ankanena za prana, mawu amene amakhudzanso mpweya. Ine sindinyoza anthu amenewa. Analibe makina oonera tinthu ting'onoting'ono, koma anali ndi maso, ndipo anaona kuti tulo, chakudya, mkwiyo ndi chisoni zimakumana m'thupi limodzi. Komabe fanizo lisamasanduke chiwalo. Palibe chipangizo chimene chinapezapo qi m'mitsempha ya munthu. Ndipo fanizo lolakwika limapha: mu December 1799 George Washington, pulezidenti woyamba wa America, atadwala pakhosi, madokotala ake, potsatira nzeru ya kulinganiza madzi a m'thupi ija, anamukhetsa magazi kangapo tsiku limodzi, ndipo usiku wake anamwalira.

Amene anaipatsa nkhaniyi miyendo yoimira anali Walter Cannon, katswiri wa kagwiridwe ntchito ka thupi wa ku yunivesite ya Harvard ku America. Adakali wophunzira, ankadyetsa amphaka chakudya chooneka pa X-ray kuti aone mmene m'mimba mumagayira. Anaona kuti mphaka akangochita mantha kapena kukwiya, m'mimba mumaima nji, kugaya konse kumaleka, ndipo akakhazikika mumayambanso kuyenda. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira mmene m'mimba mwanga munkamangikira Lolemba lililonse m'mawa. Mu 1926 Cannon yemweyo anabweretsa mawu akuti homeostasis, kutanthauza khama la thupi losunga zinthu zake pamlingo woyenera: kutentha pafupi ndi madigiri 37, shuga wa m'magazi osakwera kapena kutsika mopyola, madzi ndi mchere zili m'malo mwake.

Poyamba ndinkaganiza kuti kulingana kumeneku kuli ngati sikelo imene mbale zake ziwiri zangoti duu. Ndinkasaka moyo woti phee, wopanda chokwera kapena chotsika. Chimene chinandichotsa maganizo amenewa ndi chinthu chachibwana. Tsiku lina ndikutsuka mano ndinayesa kuima ndi mwendo umodzi, ndilibe nsapato, pasimenti yozizira. Yesani nanunso muone. Kakolo sakhala chete ngakhale sekondi imodzi. Amagwedera kumanja, kubwerera kumanzere, zala zimakanda pansi, chala chachikulu chimakanikiza kenako n'kumasuka, minofu ya m'mbali mwa mwendo imagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya. Woonera patali amati munthuyu waima, koma pansipo pali ntchito yosalekeza ya kugwa pang'ono ndi kudziwongola. Mu 1988 akatswiri awiri, Peter Sterling ndi Joseph Eyer, anapereka dzina lakuti allostasis ku mfundo yofanana ndi imeneyi: thupi limakhazikika posinthasintha. Kuthamanga kwa magazi kumayenera kukwera ukamakwera phiri, n'kutsika ukagona. Vuto silikhala kukwerako. Vuto limabwera chinthu chikakwera n'kuiwala njira yotsikira, ndipo katswiri wa za ubongo Bruce McEwen anasonyeza kuti thupi lokhala m'mwamba choncho kwa miyezi ndi zaka limaperepeseka, kuyambira mtima mpaka chitetezo cha m'thupi.

Apa m'pamene ndinalimvetsa vuto langa. Mphamvu zinalipo, koma tsiku langa linalibe phiri, linalibenso chigwa. Ndinkagwira ntchito uku ndikusuzumira mauthenga, n'kumapuma uku ndikuganiza za ntchito. Thupi linkakhala pampando maola 10 osatuluka thukuta ngakhale dontho, pamene mutu unkathamanga osaima. Kuthamanga sikufika, koma ine ndinkathamanga nditakhala pansi.

M'thupi muli minyewa imene imagwira ntchito popanda kuilamula, ndipo ili m'magulu awiri. Gulu lina limadzutsa: limafulumizitsa mtima, limatumiza magazi ku minofu, limaimitsa kugaya chakudya ngati mwa amphaka aja. Gulu linalo limakhazika pansi, ndipo mtsogoleri wake ndi mnyewa wautali wotchedwa vagus, dzina la Chilatini lotanthauza woyendayenda, chifukwa umachoka m'munsi mwa ubongo n'kudutsa m'khosi, kufika ku mtima, m'mapapo mpaka m'matumbo. Mtima sungauuze kuti uchepetse liwiro. M'mimba simumva mawu. Koma pa ntchito zonse zodziyendera zokhazi, pali imodzi imene ili ndi chogwirira chakunja, ndiyo kupuma mpweya.

Izi mukhoza kudzionera nokha. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, mpaka mumve kugunda. Kokani mpweya pang'onopang'ono, mudzamva kugundako kukufulumira pang'ono. Tulutsani motalikitsa, ngati mukuuzira chinthu chotentha, mudzamva kukuchedwa. Tsiku loyamba kuchita zimenezi ndinali m'galimoto yoima, zenera lotseka, ndipo ndinachita kubwereza kanayi posakhulupirira. Potulutsa mpweya, vagus uja amaugwira mtima paphewa. N'chifukwa chake munthu akalandira uthenga wabwino atada nkhawa amausa moyo, ndipo mwana amene walira kwambiri amamaliza ndi kupuma kodukizadukiza kenako n'kugona. Ndinayamba kuchita mphindi zisanu zokha: kukoka ndikuwerenga mpaka 4, kutulutsa ndikuwerenga mpaka 6, zimene zimakwana kupuma kasanu ndi kamodzi pa mphindi. Si mankhwala a chilichonse. Ngongole siitha, bwana sasintha. Koma mapewa amatsika, ndipo munthu wa mapewa otsika amaganiza mosiyana ndi wa mapewa a m'makutu.

Nkhani ya 3 koloko ija inadzamveka nditaphunzira za wotchi ya m'thupi. Mu 1962 Mfalansa wina, Michel Siffre, analowa m'phanga lakuya m'mapiri a Alps n'kukhalamo miyezi iwiri wopanda wotchi, wopanda dzuwa. Mutu wake unasokonezeka pa kawerengedwe ka masiku, moti pomutulutsa ankaganiza kuti kwatsala masabata oposa atatu. Koma thupi lake silinasochere: linkagona ndi kudzuka motsatira mzunguliro wopitirira pang'ono maola 24. Wotchi imeneyi ndi kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 mkati mwa ubongo, pamwamba pa malo amene minyewa ya maso imapingasana, ndipo imakonzedwa tsiku ndi tsiku ndi kuwala kolowa m'maso. Mu 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel chifukwa chotulukira majini (malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo) oyendetsa wotchiyi, ndipo anawapeza pofufuza tintchentche ta pazipatso. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, homoni youza thupi kuti usiku wafika, ndipo kuwala kumaichepetsa. Chakum'bandakucha, cortisol, homoni yodzutsa, imayamba kukwera n'kufika pachimake munthu akangodzuka kumene. Tulo natonso timayenda m'magawo a mphindi pafupifupi 90, ndipo theka lachiwiri la usiku timakhala topepuka. Kudzidzimuka pang'ono pa nthawi imeneyo aliyense amachita, kungoti ambiri amatembenuka n'kupitiriza osakumbukira. Ine ndinkadzuka n'kupeza nkhawa zili chilili pambali pa bedi, ndiye n'kuziyatsira nyale ya foni.

Khofi ndiye anandichititsa manyazi. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumaunjikana mankhwala otchedwa adenosine, ndipo akachuluka ndi amene amabweretsa tulo. Caffeine, mankhwala amene ali mu khofi, sapereka mphamvu ayi. Amangokhala pampando wa adenosine kuti ubongo usamve kuti watopa, kutopako kuli pomwepo, kukudikira. Ndipo sachoka msanga: kwa anthu ambiri pamatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lithe m'magazi. Ndinatenga pensulo n'kuwerengera. Kapu yanga ya 4 koloko madzulo, imene ndinkati ndi yondithandiza kumaliza ntchito, theka lake linali likadali m'thupi 9 koloko usiku, ndipo 2 koloko m'bandakucha gawo limodzi mwa magawo anayi linali likuyendayendabe. Ndinkabwereka mphamvu za mawa n'kumadabwa kuti mawa lafika lopanda kanthu.

Chinanso chimene ndinasiya ndi kuthamangira zotsekemera mutu ukalemera. N'zoona kuti ubongo ndi wadyera: umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala. Koma kuganiza mozama sikuwonjezera kwambiri pa chiwerengero chimenechi. Ubongo umadya pafupifupi mofanana kaya ukuwerengera masamu kaya ukuyang'ana khoma. Choncho kutopa kwa m'mutu kwa 3 koloko masana sikutanthauza kuti mafuta atha. Nthawi zambiri mutu umakhala ukupempha kuti uchoke pa chinthu chimodzicho, ndipo ine ndinkauyankha ndi shuga.

Zimene ndinasintha n'zosachititsa chidwi, moti palibe angazigulitse m'botolo. Khofi amathera 12 koloko masana. Foni imagona m'chipinda china, ndipo ndinagula wotchi yolira yachikale yoti izindidzutsa. Chovuta kwambiri chinali kuyenda m'mawa. Kuuza munthu wotopa kuti akayende kuli ngati kuuza wosauka kuti apereke, ndipo sabata yoyamba ndinkatuluka ndikung'ung'udza. WHO imalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, pa liwiro loti ukhoza kulankhula koma sungaimbe. Ine ndinayamba ndi mphindi 20, dzuwa litangotuluka, ndipo pali kachitunda kena kamene ndinkakwera dala mofulumira mpaka thukuta litsike m'msana. Pofika sabata yachitatu ndinayamba kumva chinthu chimene ndinali nditachiiwala: kutopa kokoma, kwa m'miyendo, kumene kumakugwetsa pabedi 10 koloko usiku n'kukumiza. Ndinazindikira kuti kwa zaka zingapo ndinkapita kukagona ndi mutu wotopa pa thupi losatopa, ngati ng'ombe ziwiri za pagoli limodzi, ina yalima tsiku lonse ina yangogona pamthunzi.

Koma ndikanama ndikanena kuti khofi ndi kuyenda zinamaliza nkhani. Panali china chimene chinkandidikira 3 koloko, ndipo sichinali mu kapu. Ndinali nditayambana ndi mnzanga wa kuyambira tili ana, pa nkhani ya mawu amene ndinalankhula pagulu ndikuyesa nthabwala. Panatha chaka tisakulankhulana. Masana ndinkati zilibe kanthu, koma usiku ndinkazenga mlanduwo mobwerezabwereza, ine woweruza, ine mboni, ine woimbidwa mlandu. Malamulo oyambitsira WHO, amene anayamba kugwira ntchito mu 1948, amati thanzi si kusadwala chabe, koma kukhala bwino m'thupi, m'maganizo ndiponso pakati pa anthu. Gawo lachitatulo ndinkaliona ngati mawu okometsera chikalata. Loweruka lina ndinamuimbira. Foni inaitana kasanu, manja anga ali thukuta lokhalokha.

"Halo?"

"Ndine. Ndinalakwa, mnzanga. Ndakhala ndikufuna kunena kalekale."

Anakhala chete nthawi yaitali, moti ndinayang'ana sikirini kuona ngati yaduka. Kenako anati, "Wachedwatu iwe." Sitinabwerere pamene tinali kale, ndipo mwina sitidzafikaponso. Koma usiku umenewo khoti lija silinakhale.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandinyansa m'nkhani zambiri za umoyo wabwino, ndipo sindikufuna kugweramo. Zimayankhula ngati kutopa konse ndi kulephera kwa mwini thupi. Mayi amene akugwira ntchito ziwiri, namwino wa mashifiti a usiku amene wotchi yake ya m'thupi imasokonezedwa sabata iliyonse, bambo amene akudwazika mkazi wake chaka chachiwiri, anthu amenewa kuwauza kuti azingopuma mozama n'kuwatukwana. Mu 2019 WHO inafotokoza kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito ngati vuto lochokera ku kupanikizika kwa kuntchito kumene sikunasamalidwe, osati ngati matenda a munthu payekha. Katundu akalemera mopyola, chofunika n'kumuchepetsa kapena kupeza wothandizana naye, osati kuphunzira kasenzedwe kokongola. Ine ndinali ndi mwayi woti zina mwa zondilemera zinali zodzisenzetsa ndekha, monga kuvomera ntchito iliyonse poopa kuoneka waulesi. Mawu akuti "sindikwanitsa sabata ino" ndinachita kuwayeserera pagalasi ndisanawanene kwa munthu. Ndipo amene mdima wa m'maganizo wamukuta kwa masabata, chakudya osachifuna, zimene ankakonda osazimvanso kukoma, ameneyo akufunika dokotala kapena mlangizi, monga mmene ine ndinkafunikira ayironi.

Mwezi wathawu mwana wanga anadwala chifuwa, ndipo zonse ndafotokozazi zinagwa tsiku limodzi. Masiku asanu sindinayende, khofi ndinkamwa mpaka madzulo, foni inabwerera pansi pa pilo chifukwa ndinkaunikira thermometer. Kale ndikanati ndalephera, ndiyambirenso Januwale. Ulendo uno ndinakumbukira kakolo uja. Mwana atachira ndinabwezera foni kuchipinda chake, ndipo m'mawa mwake ndinavala nsapato n'kutuluka, miyendo ili yolemera ngati ya wina.

Usiku wathawu 3 koloko inabweranso. Maso gwa, mtima gu gu gu. Dzanja linapapasa patebulo la pambali pa bedi n'kupeza wotchi yokha ndi tambula ya madzi. Ndinagona chagada, dzanja limodzi pamimba, n'kuyamba kuwerenga: kukoka mpaka 4, kutulutsa mpaka 6. Ndinamva mwana akutembenuka kuchipinda chinacho, bedi lake likulira pang'ono, kenako zii. Ndikukumbuka kuti ndinafika pa mpweya wa 14, ndipo ndinayamba kukayikira ngati ndinali pa 14 kapena pa 15. Chotsatira chimene ndinamva ndi wotchi ikulira, kunja kutayera kale.